Mutu 6: Mwana wa pachingwe

Anthu akamati filimu yoopsa ndi ya magazi ndi mizukwa, ine zimanditopetsa. Lowani m'kanyumba koonetsera mavidiyo pa Nsaru kapena pa Namitete tsiku la msika. Mfiti ikalavula moto, ana amakuwa, kenako amaseka, pofika kwawo aiwala. Filimu yosowetsa tulo ndi ina, ndipo m'mutu uno tiona zinthu zitatu zimene zimaipanga. Chitsanzo chathu ndi I Am Not a Witch ya mu 2017, yomwe anakonza Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales. Muli Chinyanja chambiri, simuvutika kumva.

Choyamba ndi kukhala chete kwa mwana. Mayi wina akuchokera kotunga madzi, waona kamtsikana kachilendo panjira, wagwa, madzi atayika. Basi, mfiti yapezeka. Kupolisi akukafunsa, iko sikavomera, sikakana, kangoti maso tong'o. Akukatengera kumsasa wa agogo oganiziridwa ufiti, aliyense ali ndi riboni yoyera yayitali kumsana kuti asauluke. Akukauza kuti kasankhe: kudula riboni n'kusanduka mbuzi, kapena kuisunga n'kukhala mfiti. Agogowo ndiwo akukatcha dzina loti Shula.

Aliyense wokulira ku Kabudula kapena ku Mpingu amaidziwa mbuzi ya m'dzinja. Chimanga chikangomera timaimangirira pachikhomo, ndipo pofika madzulo yadya msipu mozungulira, malire ake ndi chingwe. Mukatalikitsa chingwecho bwalo limakula, koma chikhomo chili pompo. Ndi mmenenso alili Shula. Bwana Banda, mkulu wa boma, amam'kweza galimoto, amam'veka zamatsenga kuti aloze wakuba pabwalo la milandu, amapita naye pa TV kukatsatsa mazira, koma riboni ili kumsana. Zili ngati kugulira mwana wantchito nsapato zatsopano uku sukulu mwamuletsa. Kapena mbalame ya m'chikwere imene mumaiyamikira kuti yanenepa.

Pamene pamandipweteka ine ndi pamene mwanayu aika fanulo kukhutu kuti amve mawu a ana a sukulu obwera ndi mphepo. Palibe kulira, palibe womumenya. Akungomvetsera, monga amachitira mwana wothamangitsidwa m'kalasi amene waima kuseri kwa zenera. Zonena zambiri wosewerayo, Maggie Mulubwa, amazinena ndi nkhope.

Apa ndichenjezeko makolo. Ambiri akaona nkhope ya mwana pachikuto amati ndi filimu ya ana, n'kuwasiya okha. Ayi ndithu. Shula safika kumapeto ali moyo, ndipo mvula imene ankamukakamiza kugwetsa imagwa iye atapita. Cholakwa china ndi kuthera pa kuseka. Henry B.J. Phiri, amene ndiye Banda, amaseketsadi, koma mukaseka dzifunseni kuti nthawi imeneyo mwana uja anali pati. Kusekako ndiye chachiwiri pa zinthu zitatu zija. Chachitatu ndi nyimbo, monga ya Vivaldi poyambirira, koma za nyimbo tidzakamba kwina.

Filimuyi inapata mphotho ya BAFTA mu 2018, koma musaione ngati nkhani ya ku Zambia kokha. Kuno kwathu lamulo la za ufiti la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ngakhale wonenedwayo akhale mwana wa m'nyumba mwanu.