Timu ndi Yayani? Momwe Mpira wa M'maligi Ang'onoang'ono ku England Umayendera

Pa 28 Meyi 2002, anthu atatu omwe bungwe loyendetsa mpira ku England la FA lidawasankha adagamula mlandu womwe mpaka lero ukadautsa mapiri pachigwa. Awiri adavomera, mmodzi adakana, ndipo timu ya Wimbledon idaloledwa kuchoka kummwera kwa London kukakhazikika ku Milton Keynes, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Imeneyi sidali timu wamba, chifukwa mu 1988 idachinya Liverpool 1-0 n'kutenga chikho cha FA. Koma kuyambira 1991 idalibe bwalo lakelake, inkachita lendi kwa Crystal Palace ku Selhurst Park, ndipo eni ake ankati ndalama zikungolowa m'madzi. Masapota adalankhula, adaguba, ena adanyanyala masewero, koma voti adalibe.

Patangopita masiku awiri, masapotawo adayambitsa timu yawo, AFC Wimbledon. Adaitana aliyense wodziwa kumenya chikopa kuti adzayesedwe pabwalo la anthu onse la Wimbledon Common, n'kukayambira ligi yachisanu ndi chinayi kuchokera pamwamba. Timu yosamuka ija idafika ku Milton Keynes mu 2003, ndipo chaka chotsatira idasintha dzina kukhala MK Dons. Chidani cha matimu awiriwa chidabadwa choncho, ndipo amene akufuna kumvetsa momwe mpira wakumunsi umayendetsedwera ku England aphunzira zambiri pa iwowa kuposa pa Arsenal ndi Manchester United omwe timawaonera Loweruka lililonse.

Maligi a kumeneko adasanjidwa ngati makwerero. Pamwamba pali Premier League ya matimu 20. Pansi pake pali maligi atatu a matimu 24 iliyonse, Championship, League One ndi League Two, ndipo onse atatu ali m'manja mwa bungwe la EFL, lomwe lidayamba mu 1888. Yachisanu ndi National League, kenako maligi a m'zigawo mpaka kufika ku matimu a m'midzi. Chaka chilichonse matimu atatu amakwera kuchoka mu League One, ndipo anayi nkhwangwa imawagwera. Mu League Two amakwera anayi, awiri amatsika. Mwa okwerawo, imodzi imadzera mu ndime yachipulula yomwe imathera ku Wembley, choncho ngakhale timu yomwe yathera pa nambala 7 mu League Two imakhalabe ndi mwayi. Khomo lopanikiza kwambiri ndi lochoka mu National League, pomwe pamadutsa matimu awiri okha. AFC Wimbledon idadutsa pamenepo mu 2011 itapambana Luton Town pa mapenate, patatha zaka zisanu ndi zinayi chiyambireni.

Kukwera n'kosavuta kufotokoza. Chovuta ndi ndalama. Mgwirizano woonetsa masewero a Premier League pa wailesi zakanema za m'dzikomo ndi wa £6.7 biliyoni pa zaka zinayi kuyambira 2025. Wa EFL ndi Sky, womwe udayamba mu 2024, ndi wa £935 miliyoni pa zaka zisanu, wogawana matimu 72, ndipo gawo lalikulu limatsalira mu Championship. Pofika mu League Two zimakhala zatsala nyenyeswa. Premier League imaponyako kangachepe ku matimu akumunsi, koma ndalama zambiri zomwe imatulutsa zimapita kwa matimu ake omwe angotsika kumene, kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ati kuti asagwe chagada. Amazitcha parachute payments, ndipo a EFL akhala akudandaula kuti zimasokoneza mpikisano, popeza timu yongotsika imalowa mu Championship thumba lili lodzaza pomwe anzake akukanda.

Ndiye timu yaing'ono imadya chiyani? Choyamba ndi zapageti. Matikiti a chaka chonse amagulidwa ligi isadayambe, ndipo ndi amene amalipira osewera m'miyezi yomwe kulibe masewero. N'chifukwa chake kuyambira m'ma 1960 kuli lamulo loletsa kuonetsa mpira pakanema m'dzikomo Loweruka masana kuyambira 2:45 mpaka 5:15, kuti munthu asakhale kunyumba kuonera matimu akuluakulu pomwe timu yakwawo ikusewera kuseri kwa msika. Ife kuno timaonera masewero amene Mngelezi wa ku London saloledwa kuonera kunyumba kwake. Chachiwiri ndi kugulitsa osewera: MK Dons idalera Dele Alli n'kumugulitsa ku Tottenham mu 2015 pamtengo woyambira £5 miliyoni. Chachitatu ndi mwayi wa m'zikho. Exeter City, yomwe masapota adaitenga mu 2003 ili m'ngongole mpaka m'khosi, idakalepherana mphamvu ndi Manchester United 0-0 ku Old Trafford mu Januwale 2005, ndipo ndalama za masewero awiriwo, oyamba ndi achibwereza, zidathandiza kwambiri kuiwombola. Mwayi wotere udachepa mu 2024, pamene masewero achibwereza a chikho cha FA adathetsedwa kuyambira ndime yoyamba pofuna kupeputsira matimu akuluakulu omwe amasewera ku Ulaya. Matimu ang'onoang'ono adalira, koma zidatheka basi.

Zonsezi zikaperewera, ndipo kawirikawiri zimaperewera, chotsala ndi thumba la mwini timu. Apa m'pamene malamulo amalowererapo. Wofuna kugula timu amayenera kudutsa kaye m'sefa ya EFL yoona ngati alibe milandu ina yachinyengo kapena mbiri yogwetsa matimu. Malipiro a osewera nawo ali ndi malire: m'zaka zapitazi akhala pa 60 peresenti ya ndalama zomwe timu imapeza mu League One, ndi 50 peresenti mu League Two. Koma mwini timu akathira zake ngati mphatso kapena masheya, osati ngongole, malirewo amakwera nawo. Ndi njira imeneyi yomwe idathandiza Wrexham, itagulidwa ndi akatswiri a mafilimu Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney mu 2021, kukwera maligi atatu motsatizana mu 2023, 2024 ndi 2025. Mu 2020 matimu adayesapo kuika malire ofanana kwa onse, £2.5 miliyoni mu League One ndi £1.5 miliyoni mu League Two, koma bungwe la osewera la PFA lidatsutsa ndipo lamulolo lidafa pasadathe chaka.

Timu ikalephera kubweza ngongole, imaperekedwa m'manja mwa akatswiri owerengera chuma kuti aiyendetse n'kuipezera wogula. Chilango chake mu EFL ndi kulandidwa mapointi 12 nthawi yomweyo. Derby County idalandidwa 21 mu 2021 ataphatikiza ndi milandu ina, pomwe Luton Town idayamba ligi ya 2008 ili ndi ngongole ya mapointi 30. Pali lamulo lina lomwe ine sindilikonda: osewera ndi matimu ena omwe timuyo ili nawo ngongole amalipidwa zonse, pomwe wophika chakudya, wosindikiza mapulogalamu ndi bungwe lotolera misonkho amangolandirako gawo, mwina 25 pa 100 iliyonse. Amene amaluza kwambiri ndi anthu a m'tauni momwemo, omwe ambiri ndi masapota a timuyo.

Zomwe zidachitika ku Bury n'zimene zidaonetsa kuti sefa ija ndi yobooka. Bury idayamba mu 1885, idatenga chikho cha FA mu 1900 ndi 1903. Mwini wake wina adakongola ndalama zachiwongoladzanja chokwera ataika bwalo la Gigg Lane ngati chikole. Mu Disembala 2018 timu idagulitsidwa kwa Steve Dale pamtengo wa paundi imodzi, EFL isadakhutire kuti munthuyo ali ndi ndalama zoiyendetsera. Osewera ankamenya mpira osalandira malipiro, komabe adakwera kupita mu League One. Sadasewereko ngakhale kamodzi. Pa 27 Ogasiti 2019 Bury idachotsedwa mu EFL, ndipo chaka chimenecho League One idasewera ndi matimu 23. Masapota adadzagulanso Gigg Lane mu 2022 mothandizidwa ndi £1 miliyoni yochokera kuboma, koma timu idayambiranso pansi penipeni.

Kuti masapota akhale eni timu, amakhazikitsa bungwe lolembetsedwa mwalamulo lomwe amalitcha supporters' trust. La Wimbledon ndi Dons Trust. Aliyense amalowa polipira ndalama yaumembala pachaka, ndipo membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ndi mpondamatiki kaya ndi woyendetsa basi. Mamembala amasankha komiti, komiti imayang'anira akuluakulu olembedwa ntchito oyendetsa timu tsiku ndi tsiku, ndipo phindu likapezeka siligawidwa, limabwerera mu timu. Nkhani zikuluzikulu, monga kugulitsa bwalo kapena kupereka ulamuliro kwa munthu wina, zimafuna mavoti ochuluka kwambiri kuposa theka. Kusankha osewera khumi ndi mmodzi kumakhalabe kwa mphunzitsi. Voti ya membala ndi ya katundu ndi tsogolo la timu.

Mphamvu imeneyi idaoneka kumapeto kwa 2019. AFC Wimbledon inkamanga bwalo latsopano pa Plough Lane, pafupi ndi pomwe padali bwalo lakale la Wimbledon, ndipo zidadziwika kuti ndalama zaperewera ndi pafupifupi £11 miliyoni. Panali maganizo oti ulamuliro uperekedwe kwa anthu achuma. Masapota adakana, m'malo mwake adabwereketsa timu yawo ndalama zoposa £5 miliyoni, aliyense n'kudzisankhira yekha zaka zodikira ndi chiwongoladzanja, ena osafuna n'komwe chiwongoladzanjacho. Bwalo la anthu oposa 9,000 pang'ono lidatsegulidwa mu Novembala 2020. Nkhaniyi ndi yokoma, koma ngongole ndi ngongole. Ndalama zomwe zikadagula wogoletsa zigoli zimapita kukabweza, ndipo osewera abwino amagulitsidwa akangoyamba kuwala. Umwini wa masapota umateteza timu kuti isabedwe, koma suipatsa mphamvu yopikisana ndi thumba la Wrexham, ndipo mamembala akhala akukangana okhaokha za kuchuluka kwa masheya omwe angagulitse popanda kutaya ulamuliro.

Ku Milton Keynes zinthu n'zosemphana. Pete Winkelman, yemwe adakoka timuyo, adamanga Stadium MK ya anthu pafupifupi 30,000, yokhala ndi hotela komanso holo yochitiramo zisangalalo, zomwe zimabweretsa ndalama ngakhale tsiku lopanda mpira. Koma m'zaka zaposachedwa masewero ambiri a muligi anthu safika 10,000, mipando yambiri imangokhala yopanda anthu. Timuyi idalawako Championship chaka chimodzi chokha, 2015 mpaka 2016, ndipo mu Ogasiti 2024 idagulitsidwa kwa gulu la anthu a ku Kuwait lotsogozedwa ndi Fahad Al Ghanim. Ikhoza kukwera msanga kuposa mnzake ngati eni akewo sangatope, ndipo akatopa masapota alibe chonena. Tisaiwale kuti kuli ana obadwira ku Milton Keynes omwe sadziwa timu ina, ndipo sadalande kanthu kwa munthu. Koma a Wimbledon sadakhululuke. Ambiri sapondako ku Stadium MK, ndipo mu 2017 timu yawo idazengedwa mlandu ndi EFL chifukwa chokana kulemba mawu oti Dons, dzina lomwe Wimbledon inkadziwika nalo kuyambira kale, potchula MK Dons pa bolodi ya zigoli ndi pa pulogalamu ya masewero. Zikho zakale za Wimbledon zidabwezedwa ku khonsolo ya Merton, ya dera la Wimbledon, mu 2007. Mu Meyi 2025 AFC Wimbledon idachinya Walsall 1-0 ku Wembley n'kubwerera mu League One, kusiya MK Dons mu League Two.

Owerenga a kuno kwathu aona pofanana. Bullets ndi Wanderers, omwe kale ankayendetsedwa ndi makomiti momwe masapota adali ndi mawu, lero ndi makampani, ndipo kwa zaka zambiri onse awiri akhala akudalira Kamuzu Stadium, bwalo laboma. Malipiro a osewera adayamba kuoneka bwino, koma sapota aliyense ayenera kudziwa zomwe malamulo a kampaniyo akunena tsiku lomwe mwini ndalama adzafune kuchoka.

Ku England boma lidalowererapo mochedwa. Kugwa kwa Bury, kutha kwa Macclesfield Town mu 2020, ndi chiwembu cha matimu asanu ndi limodzi akuluakulu chofuna kulowa European Super League mu Epulo 2021 zidachititsa kuti phungu Tracey Crouch atsogolere kafukufuku womva maganizo a masapota. Zotsatira zake ndi lamulo la Football Governance Act, lomwe lidasainidwa mu Julayi 2025 n'kukhazikitsa bungwe loima palokha loyang'anira matimu 116 a m'maligi asanu apamwamba. Timu iliyonse iyenera kukhala ndi laisensi, kuonetsa ndondomeko yachuma, komanso kumakumana ndi masapota ake. Mwini timu ayenera kuonetsa komwe chuma chake chidachokera, ndipo akhoza kukakamizidwa kugulitsa. Kugulitsa bwalo kapena kusamuka kumafuna chilolezo cha bungweli, ndipo chizindikiro cha timu ndi mtundu wa yunifolomu yapakhomo sizisinthidwa masapota ambiri asadagwirizane nazo.

Bungweli siliika mitengo ya matikiti, silibweza ngongole za timu, ndipo za amene akwere kapena kutsika silizikhudza, choncho pempho la National League loti azikwera atatu lili m'manja mwa matimu a EFL, omwe ena mwa iwo ndi amene angadzatsike. Mphamvu yake yomwe matimu a League One ndi League Two akuiyang'anitsitsa ndi ya kagawidwe ka ndalama zapakanema: Premier League ndi EFL akalephera kumvana, mbali imodzi ikhoza kukadandaula, ndipo bungweli lili ndi ufulu wogamula kagawidweko, kuphatikizapo ndalama zija za matimu ongotsika kumene.