Tilimbitse Mlatho Lole Isanafike

Mawu a lero: mlatho, mtanda, dzimbiri, tani, chipilala.

Ku Angónia ndi ku Tsangano alimi ambiri ali ndi minda kutsidya kwa mtsinje. Ena adasonkherana ndalama namanga kamlatho kawo ka zitsulo. Kamlathoko adakamangira ngolo ya ng'ombe ndi njinga. Lero wogula chimanga ndi mbatata afuna kufika ndi lole mpaka kumunda. Kodi mlatho upirira? Tisayese ndi moyo wa munthu, abale. Tiyambe tawerengera.

Kulemera kwa lole

Thumba limodzi la chimanga ndi makilo 50. Matumba 20 ndi tani imodzi. Ngolo ikanyamula matumba 10, yanyamula theka la tani basi. Lole ikanyamula matumba 200, yanyamula matani 10. Pamenepo tiwonjezepo kulemera kwa lole yeniyeniyo, komwenso ndi matani angapo. Ndiponso katundu wambiri amagwera pa matayala akumbuyo. Matayalawo akafika pakati pa mlatho, ndi pamene mitanda imavutika koposa.

Yang'anani kunsi

Pamwamba pa mlatho pamanamiza. Mphamvu yake ili kunsi, m'mitanda yachitsulo ndi m'makoma a m'mbali mwa mtsinje pamene mitandayo yakhalira. Nthawi ya chilimwe madzi ataphwera, tsikani ndi nyundo. Gogodani mitanda, makamaka kumapeto kumene kumakhala dothi ndi chinyontho. Dzimbiri likamagwa zibenthuzibenthu, ndiye kuti chitsulo chapyapyala. Onaninso mabawuti ngati akhwepa, ndi ming'alu pamene adawotcherera. Onani ngati madzi akumba pansi pa makoma. Mtanda ungalimbe bwanji, khoma likagwa mlatho wagwa.

Kokani chingwe mowongoka motsata mtanda. Ngolo ikadutsa, mtanda umawerama pang'ono n'kubwerera. Ukapanda kubwerera, chitsulocho chagonja kale. Tsekani mlathowo.

Tiyese ndi thabwa

Gonekani thabwa chafulati pa miyala iwiri, mwana aimepo. Likupindika, eti? Tsopano liimikeni cham'mbali. Silipindikanso. Kenaka ligonekeninso, muike mwala wachitatu pakati. Lalimbanso. Taphunzira ziwiri. Mtanda wautali msinkhu umanyamula zambiri. Mtanda wodumpha mpata waufupi umanyamulanso zambiri.

Njira zolimbitsira

1. Kuwonjezera mitanda. Mitanda yatsopano ikhale pansi penipeni podutsa matayala a lole.

2. Kumangirira mitanda. Zitsulo zopingasa zilumikize mtanda ndi unzake, kuti isagwere cham'mbali ndiponso igawane katundu.

3. Kumanga chipilala pakati. Mpata wa mamita 8 umasanduka mipata iwiri ya mamita 4. Koma chenjerani: chipilala chimakola mitengo ndi zinyalala madzi akasefukira. Maziko ake azame mpaka pouma kapena pathanthwe.

4. Kuwotcherera chitsulo china kunsi kwa mtanda. Iyi si ntchito ya aliyense. Kuwotcherera kolakwika kumabala ming'alu, ndipo mng'alu umakula galimoto ikamadutsa.

5. Kuteteza makoma. Ikani miyala m'madengu a waya kuti madzi asakokolole dothi.

6. Kukonza pamwamba. Matabwa ovunda achoke. Khomani matabwa ena motsata njira ya matayala. Musathamangire kuthira konkire. Konkire yodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse imalemera pafupifupi makilo 2,400. Mlatho ungatope nayo lole isanakwere n'komwe.

Pomaliza palani dzimbiri ndi burashi ya waya, mupake utoto.

Mmisiri ndiye awerengere

Mutu umodzi susenza denga. Ife tikhoza kututa miyala, kukumba ndi kupaka utoto. Koma kunena kuti mlatho unyamula matani angati ndi ntchito ya injiniya wa milatho. Gulu lipite kuboma kukamupempha. Muyeze kale utali wa mlatho, msinkhu wa mitanda ndi chiwerengero chake, mulembe papepala. Akanena matani, alembedwe pa chikwangwani mbali zonse ziwiri.

Injiniya asanabwere, lole iime kutsidya kuno. Matumba awoloke pa ngolo. N'kuchedwa ndithu, koma palibe maliro. Mlatho ukalimba, galimoto ziziwoloka imodziimodzi, pang'onopang'ono, osaima mwadzidzidzi pakati.

Mafunso

1. Matumba 140 a makilo 50 ndi matani angati?
2. Dzimbiri limakonda kudya mbali iti ya mtanda? Chifukwa chiyani?
3. Chipilala cha pakati chili ndi ubwino wanji ndi vuto lanji?
4. Lembani m'kope mwanu: Tiwerengere tisanawoloke.

Ntchito ya gulu: sabata ino kayezeni mlatho wa kwanu, mudzafotokoze m'kalasi zomwe mwaona.