MAWILO A KASITIMA NDI MUYESO WOONA

Ku Britain kuli amuna akulu-akulu, ena a imvi ndithu, amene akaweruka ku nchito amakhala pa thebulo ndi kuyendetsa tisitima tating'ono ta magetsi. Mlendo angaseke poona zimenezi, koma eni ace satiyesa zidole ai. Cimene iwo afuna ndico cakuti kainjini ka pa thebulo kafanane ndi injini yeni-yeni m'ziwalo zace zonse. Cifukwa ca ici ena a iwo akagula kainjini katsopano ku sitolo, nchito yao yoyamba ndiyo kucotsa mawilo ace ndi kuikapo ena. Kodi mawilo a ku sitolo alakwa ciani?

Kumene Colakwa Cinacokera

Njanji zazikulu za ku Britain zitalikirana mapazi 4 ndi mainchi 8½. Tisitima tofala kumeneko, tochedwa OO, tipangidwa pa muyeso wakuti phazi limodzi la sitima yeni-yeni likhale mamilimita 4. Ndiko kunena kuti ciwalo ciri conse cacepetsedwa ka 76. Pa muyeso umenewu tinjanji tiyenera kutalikirana mamilimita 18.83, koma ta OO titalikirana 16.5 cabe. Cotero munthu akayang'ana kainjini kucokera kutsogolo aona kuti mawilo alowa m'kati, monga munthu wa mapewa akulu amene waimirira miyendo iri pamodzi.

Njanji ya mamilimita 16.5 njoyenera tisitima tina tochedwa HO, tofala ku America ndi ku Germany, m'mene phazi limodzi likhala mamilimita 3.5. Koma injini za ku Britain nzocepa thupi, pakuti maulalo ndi ngalande za pansi pa mapiri kumeneko nzopanikiza. Mamota a magetsi a zaka za m'ma 1930 anali akulu, ndipo kunali kobvuta kuwalowetsa m'kathupi kotero. Tsono opanga anakulitsa thupi, koma njanji anaisiya monga inaliri. Kampani ya Meccano ya ku Liverpool inayamba kugulitsa tisitima ta Hornby Dublo m'caka ca 1938, ndipo muyeso wosakaniza umenewu unakhazikika.

Colakwa caciwiri ciri pa mlomo wa wilo, ndiwo mkombero umene ugwira m'kati mwa njanji kuti sitima isapatuke. Opanga anaupanga wonenepa ndi wakuya, kuti kasitima kasagwe ngakhale mwana atakathamangitsa pa njanji yokhota kwambiri.

Amene Anakana Kugonja

Anthu ena sanakondwere nazo. M'caka ca 1955 anayamba bungwe lochedwa EM Gauge Society. Iwo anafutukula njanji kufikira mamilimita 18, ndipo pambuyo pace 18.2. M'caka ca 1966 kagulu kena kanati ngakhale pamenepo mpadakali bodza, ndipo kanalengeza muyeso wochedwa P4, wa mamilimita 18.83 eni-eni. Munthu wosankha umodzi wa miyeso iwiriyi ndiye amene asintha mawilo.

M'mene Nchito Icitikira

Poyamba mmisiri amasula kambale ka pansi pa kainjini, nacotsa timikono tacitsulo tolumikiza mawilo, nasunga tizitsulo tonse m'mbale kuti tisataike. Kagiya kamene mota itembenuza akazula pa ekiselo yakale ndi kukaika pa yatsopano yaitali. Mawilo atsopano ayenera kulingana ndi a injini yeni-yeni pa ukulu wace ndi pa ciwerengero ca masipoko. Pamenepo pali zinthu zitatu zimene zingaononge nchito yonse.

Coyamba ndiwo mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri a pa ekiselo imodzi. Pa OO ukhala ngati mamilimita 14.5, pa EM 16.5, ndi pa P4 ngati 17.7. Mmisiri sayesa ndi maso. Ali ndi kacitsulo ka muyeso kamene akalowetsa pakati. Mpata ukacepa kapena kukula pang'ono, kainjini kayenda bwino pa njanji yoongoka, koma pa mphambano kakwera ndi kugwa.

Caciwiri ndiko kukhala kwa timapini togwira mikono. Pa injini zambiri za nthunzi pini ya mbali imodzi itsogola inzace ndi gawo limodzi la magawo anai a kuzungulira kwa wilo, kuti injini ikhoze kunyamuka pali ponse pamene yaima. Pa injini zambiri za ku Britain mbali ya ku manja ndiyo itsogola. Ekiselo imodzi ikasiyana ndi zinzace, mikono ilimbana, ndipo kainjini kayenda motsimphina kapena kuima. Mawilo a Romford anachuka cifukwa nsonga za ekiselo yace nza ngondya zinai, kotero kuti wilo likhala lokha pa malo pace.

Cacitatu ndiwo magetsi. Iwo alowa ndi njanji imodzi nabwerera ndi inzace. Citsulo cikalumikiza wilo la ku manja ndi la ku manzere, magetsi adutsa njira ya cidule ndipo mota siyenda konse. Ndico cifukwa cace mawilo ambiri ali ndi pakati pa pulasitiki.

Mtengo wa Coonadi

Mawilo akafutukuka, kawiri-kawiri akhudza thupi, ndipo mmisiri ayenera kupala m'kati ndi tupa mosamala. Akapala mopitirira, kainjini ka ndalama zambiri kaonongeka. Ndiponso mlomo wa wilo la P4 sufika ndi theka lomwe la milimita. Wilo limodzi likangonyamuka pa njanji yosasalala, sitima yagwa. Cotero amisiri ambiri amaika timasipuling'i kuti mawilo onse aponde. Kainjini kosinthidwa sikabwereranso pa njanji ya ku sitolo. Mwini wace ayenera kuyala njanji yace-yace, yokhota pang'ono-pang'ono, imene ifuna cipinda cacikulu. Wosintha mawilo wasintha njanji yonse.

Nanga Sitima za Kuno?

Njanji imene inaoloka Zambezi pa Victoria Falls mu 1905, nifika ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1906, ndi ku malire a Congo mu 1909, njopapatiza: mapazi 3 ndi mainchi 6. Munthu wofuna kufanizira Garratt, injini ya nthunzi yocokera kwa Beyer, Peacock ku Manchester imene inkakoka malasha a ku Wankie kunka ku migodi, apeza bvuto lotembenuka. Pa muyeso wa mamilimita 4 njanji yace iyenera kukhala 14 cabe, ndipo mawilo a OO atalikirana mopitirira. Ena amalowetsa mawilo m'kati. Ena amasunga njanji ya 16.5 ndi kupanga thupi lokulirapo, locepetsedwa ka 64, pakuti pamenepo thupi ndi njanji zibvomerezana.

Fita wa pa mgodi sadabwa nazo izi. Iye adziwa kuti ngolo ya miyala imene mawilo ace sagwirizana ndi njanji idzagwa tsiku lina, ngakhale itapakidwa utoto wokongola. Kasitima ka pa thebulo kamvera lamulo lomwelo.