Kufesa Mbeu za Maluwa Panja m'Nyengo Yacisanu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu lero ndi la maluwa. M'masukulu ambiri maluwa amabzalidwa mvula ikagwa mu November kapena December, amakongoletsa bwalo kufikira April, ndipo cisanu cikayamba mabedi amasiyidwa kuti nkhuku zizipalasamo. Ambiri amaganiza kuti palibe cimene cingamere panja m'miyezi yozizira. Koma funsani mlimi wa dimba. Iye adzakuuzani kuti kabici, repu ndi anyezi zimakula bwino koposa m'nyengo yomweyi. Maluwanso ali cimodzimodzi: ena amafuna dothi lofunda, ena amafuna dothi lozizira. Cimene cimauza mbeu kuti nthawi yomera yakwana si madzi okha ai, komanso kutentha kapena kuzizira kwa dothi limene yagonamo.

Mbeu iriyonse ndi camoyo cimene ciri m'tulo. M'kati mwa khungu lake muli kamera kakang'ono pamodzi ndi kamba wake wa masiku oyamba. Kuti kadzuke pafunika zinthu zitatu: cinyezi, mpweya, ndi kufunda kwa muyeso woyenera mtundu umenewo. Ciwiri coyambaco mlimi angacikonze yekha ndi keni ndi khasu. Cacitatu sangacilamule, angathe kungosankha mwezi.

Dziko lathu liri ndi nyengo zitatu: dzinja, kuyambira November kufikira April, cisanu, kuyambira May kufikira August, ndi malimwe otentha a September ndi October. Mbali yaikulu ya Zambia iri pamwamba ndithu. Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kumeneko usiku wa June ndi July kuzizira kumafika pansi pa madigiri 10 kawirikawiri, pamene masana kuli dzuwa lofunda. Nyengo yotere ndiyo imene maluwa a ku maiko ozizira amaikonda. Duwa lochedwa sweet pea linacokera ku cisumbu ca Sicily, ndipo mbeu zake zinatumizidwa ku England mu 1699 ndi wansembe wina dzina lake Francesco Cupani. Calendula ndi snapdragon kwao ndi kufupi ndi nyanja ya Mediterranean, kumene mbeu zimamera kukazizira ndi kucita maluwa kutentha kusanafike. Namaqualand daisy ndi wa ku South Africa. Pamodzi ndi amenewa tingachule pansy, larkspur, cornflower ndi poppy. Onsewa afesedwe kuyambira kumapeto kwa March kufikira May, mvula itacepa, kuti acite maluwa mu July, August ndi September. Calendula ndi Namaqualand daisy savuta, ndipo mungawafese ngakhale kuciyambi kwa June. Masukulu a m'zigwa zotentha za Luangwa ndi Zambezi ali ndi cisanu cacifupi, motero kumeneko ndi bwino kuyamba ndi awiri amenewa cabe.

Gulu laciwiri ndi la maluwa amene mumawadziwa kale: zinnia, marigold ndi cosmos, amene kwao ndi ku Mexico, ndiponso mpendadzuwa wa ku North America. Amenewa amafuna dothi lofunda la madigiri oposa 20. Zinnia wofesedwa mu October amamera m'masiku 4 kufikira 7; yemweyo mukamfesa mu July amacedwa, ndipo mbeu zambiri zimaolera pansi.

Pano aphunzitsi acenjere ndi mau olembedwa pa kapepala ka mbeu. Ngati kanasindikizidwa ku England kapena ku America, miyezi imene yalembedwapo ndi ya kumeneko. Kwao March ndi April ndi miyezi imene dziko likuyamba kufunda. Kwathu ndi miyezi imene likuyamba kuzizira. Kapepala kocokera ku South Africa kapena ku Zimbabwe kamagwirizana bwino ndi miyezi yathu. Musawerenge mwezi wokha. Funsani ngati duwalo ndi la kuzizira kapena la kutentha.

Ku maiko a kumpotowo kulinso mwambo umene ungakudabwitseni. Anthu amafesa mbeu m'mabotolo odulidwa pakati, nawaika panja pa cipale cofewa kwa miyezi iwiri kapena itatu. Cifukwa cake n'cakuti mbeu za maluwa ena a kumeneko sizimera kufikira zitakhala masabata angapo m'dothi lonyowa ndi lozizira kwambiri, pafupifupi madigiri 1 kufikira 5. Umenewu ndi mcitidwe wao wodzitetezera: ikanamera isanapite nyengo ya cipale, mbande ikanafa. Kuno dothi silizizira cotero kwa nthawi yaitali, motero mbeu zamtundu umenewu zimangokhala du, ndipo wogula amadzudzula wogulitsa popanda cifukwa. Sukulu isataye ndalama pa mbeu zotere.

Tsono tiyeni ku nchito yeniyeni, ndipo tiyambe ndi malo. M'miyezi yacisanu dzuwa limadzera cakumpoto, kotero kuti bedi limene liri kum'mwera kwa cipupa ca kalasi limakhala mumthunzi tsiku lonse. Sankhani mbali ya kumpoto kapena ya kum'mawa, pamene dzuwa limafika maola asanu ndi limodzi kapena kuposa. Pewani malo otsika. Mpweya wozizira ndi wolemera. Usiku umatsetsereka monga madzi ndi kukasonkhana m'madambo, ndipo m'menemo ndimo cisanu cimaocha masamba. Ku Sesheke ndi m'madera ena a Cigawo ca Kum'mwera ndi ca Kumadzulo zimenezi zimacitika kwambiri mu June ndi July. Kumeneko mangani kampanda ka udzu kuzungulira bedi, ndipo madzulo a tsiku lopanda mitambo ndi mphepo funditsani mbande ndi udzu wouma kapena thumba, n'kucotsa m'mawa.

Za kukula kwa bedi ndinene mosabisa. Alipo makolo amene adzafunsa cifukwa cake ana akutunga madzi othirira cinthu cosadyedwa, m'nyengo imene zitsime zikuphwa. Funso limeneli ndi loyenera. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali limafuna malita pafupifupi 75 pa sabata m'nyengo yozizira, ndiko kuti makeni asanu ndi atatu, ndipo kukatentha limafuna oposa pamenepo. Kalasi limodzi lingakwanitse zimenezi popanda kulanda madzi a ndiwo zamasamba. Mabedi khumi silingakwanitse. Bedi limodzi losamalidwa liposa bwalo lonse la mbande zofota. Ndipo si zoona kuti maluwa alibe phindu m'dimba: m'miyezi imene chire lauma ndi kupsa, amasunga njuci pafupi, zomwe zimanyamula mungu wa maungu ndi wa mpendadzuwa, marigold akabzalidwa mothithikana amacepetsa tianyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya matimati.

Limani mwakuya ngati mpeni wa khasu, phwanyani zibuma, ndipo sakanizani ndowa imodzi ya manyowa oola bwino pa mita iriyonse. Manyowa aawisi amaocha mizu ndi kuitana ciswe. Salazani pamwamba kuti dothi likhale losalala ngati ufa, ndipo thirirani tsiku limodzi musanafese.

Colakwa cacikulu ca ana ndi kukwirira mbeu mozama, monga acitira ndi cimanga. Lamulo lake ndi ili: mbeu ikwiriridwe ndi dothi lokhuthala kawiri kapena katatu kuposa mbeuyo. Sweet pea, amene ndi wamkulu ngati nyemba yaing'ono, alowe masentimita awiri, atagona m'madzi usiku umodzi kuti khungu lake lifewe. Calendula ndi zinnia alowe theka la sentimita kapena kuposa pang'ono. Koma taganizani za petunia: mu galamu imodzi muli mbeu pafupifupi 10,000, zazing'ono ngati fumbi. Kamba wa mbeu yotere ndi wocepa kwambiri, ndipo mukaikwirira imatha mphamvu isanaone kuwala. Petunia ndi snapdragon amafunadi kuwala kuti amere. Sakanizani mbeu zao ndi mcenga wouma wodzaza dzanja, wazani pamwamba, n'kusindikiza ndi kathabwa, osakwirira. Pansy ndi larkspur ndi osiyana nao: amamera bwino mumdima, motero akwiriridwe ndithu.

Maluwa ena safuna kusunthidwa. Sweet pea, larkspur, poppy, mpendadzuwa ndi Namaqualand daisy afesedwe pomwe adzakhalire, cifukwa muzu wao ukadukira pozula sacira msanga. Sweet pea amayanga, ndipo afunika timitengo kapena waya wotalika mamita awiri. Koma a mbeu zazing'ono ayambire m'zitini, m'mabokosi kapena m'mabotolo a pulasitiki odulidwa, zoboola pansi kuti madzi azituluka. Dothi lake likhale magawo awiri a dothi lakuda, limodzi la mcenga wa kumtsinje, limodzi la manyowa osefa. Theka la kumwamba la botolo mungalibwezere ngati cipewa; limachinga mphepo, mbalame ndi nkhuku, ndipo limasunga cinyezi. Koma cotsani citsekero cake, ndipo musaliike pa dzuwa la masana. Dzuwa lathu ndi lamphamvu ngakhale mu July, ndipo botolo lotseka limaphika mbande m'ola limodzi.

Kathiriridwe ndiko kamene kamapha mbande zambiri. Thirirani m'mawa dzuwa litatuluka, osati madzulo, pakuti dothi logona lonyowa usiku wozizira limabala matenda a nkhungu amene amaoletsa tsinde la mbande pamene lakhudza dothi. Mwana akapeza mbande zake zagwa ngati zadulidwa ndi lumo, tsinde liri lakuda ndi lopyapyala, adziwe kuti madzi anacuruka kapena mbeu zinathithikana. Madzi atuluke ngati mvula yowaza. Citini coboola ndi msomali waung'ono cikwanira. Pamwamba pa bedi yalani udzu wocepa wopanda njere, ndipo muucotse tsiku limene mwaona zoyamba zikutumphuka, kuti zisatalike mofooka pofunafuna kuwala.

Khalani oleza mtima. Calendula amamera m'sabata imodzi kapena ziwiri, sweet pea ndi pansy m'masabata awiri, larkspur angathe masabata atatu. Musafukule kuti muone ngati ziri moyo.

Mbande zikakhala ndi masamba enieni anai, patulirani zothithikana, ndipo wokerani za m'zitini madzulo kutazizira, motalikirana masentimita 20 kufikira 30, mukuzigwira pa tsamba osati pa tsinde. Kupatulira kumawawa mtima wa mwana amene anafesa yekha, koma mphunzitsi alimbikire. Mbande makumi asanu pa malo a khumi sizidzacita maluwa abwino.

Cenjezo limodzi liri lofunika kuposa onse. Mbeu za sweet pea zimafanana ndi zodyedwa koma ziri ndi poizoni, ndipo larkspur ndi wapoizoni cigawo ciriconse, kwa anthu ndi kwa ng'ombe zomwe. Mbeu zogula zimene zapakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ziri ndi mankhwala. Mwana asaike mbeu iriyonse m'kamwa, ndipo onse asambe m'manja akatha nchito.

Vuto lina ndi chuthi. Maluwa acisanu amafika pacimake pamene sukulu iri pafupi kutseka mu August, mwezi wa mphepo youmitsa dothi. Musanatseke yalani udzu wokhuthala pakati pa mizere, ndipo gawanani masiku othirira pakati pa ana okhala pafupi. Bedi losiyidwa masabata anai lopanda madzi silidzuka.

Potsegulira mu September dothi lafunda, ndipo nthawi ya gulu laciwiri yakwana. Marigold amacita maluwa patapita masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, zinnia patapita pafupifupi miyezi iwiri. Amene afuna marigold pa tsiku la ufulu, pa 24 October, afese sabata loyamba la September kapena August asanathe. Kumene madzi ndi osowa dikirani mvula, ndipo fesani pa mabedi okwezeka kuti madontho aakulu asakokolole mbeu.

Kalasi lingathe kudzionera lokha zonse zimene tanena. Werengani mbeu 20 za zinnia ndi 20 za calendula, muzifese m'zitini ziwiri mu June, ndipo lembani m'buku tsiku limene iriyonse yamera. Bwerezani comweco mu October ndi kuyerekeza manambala.

Mbeu za caka camawa ziri pa bedi lanu lomwelo. Siyani maluwa okongola koposa kuti aumire pa tsinde, muwathyole tsiku louma, muwafikise pa nyuzipepala, ndi kuwaumitsa mumthunzi kwa sabata imodzi. Zinnia, marigold, cosmos ndi calendula ndiwo osavuta. Ngati pa kapepala panalembedwa F1, ana ake sadzafanana ndi kholo, ngakhale adzamera. Sungani mbeu m'envulopu, osati m'pulasitiki, mulembepo dzina la duwa, mwezi ndi caka, ndipo muike m'citini cotseka pamalo ozizira, kumene makoswe ndi cinyezi ca dzinja sizifika.