Matauni a ku Britain: Solihull, kwawo kwa Land Rover

Amene anakula akuona Land Rover ya apolisi, ya chipatala kapena ya ku mishoni ikutimbula fumbi m'misewu ya kumudzi, angaganize kuti galimoto imeneyi inachokera kudera lamapiri ndi matope. Ayi ndithu. Kwawo ndi ku Solihull, tauni ya anthu opeza bwino yomwe ili kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Birmingham, mtunda wa makilomita pafupifupi 13. Kale inali mbali ya Warwickshire, koma kuyambira 1974 ili m'chigawo cha West Midlands. Pakati pa tauniyi pali tchalitchi chakale cha St Alphege chomwe nsanja yake imaonekera patali, ndipo pafupi pomwepo pali msika wamakono wa Touchwood umene unatsegulidwa mu 2001. Bwalo la ndege la Birmingham ndi malo a ziwonetsero a NEC zilinso m'dera la khonsolo ya Solihull, lomwe lili ndi anthu oposa 200,000.

Koma dzina la tauniyi linafika kutali chifukwa cha fakitale imodzi ya pa msewu wa Lode Lane. Boma la Britain linaimanga pokonzekera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kuti izipanga injini za ndege, ndipo oiyendetsa anali a kampani ya Rover. Fakitale ya Rover ya ku Coventry itaphulitsidwa ndi mabomba mu 1940, kampaniyo inadzakhazikika ku Solihull nkhondo itatha. Chitsulo chinali chosowa nthawi imeneyo, koma aluminiyamu analipo. Abale awiri a ku Rover, Spencer ndi Maurice Wilks, anaganiza zopanga galimoto ya alimi yotengera nzeru ku Jeep ya asilikali a ku America. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo mtengo wake unali mapaundi 450.

M'kati mwa galimotoyo munalibe chokometsera chilichonse. Pansi panali chitsulo chopakidwa penti, mipando inali timakhushoni tatifupi, ndipo mawotchi oonetsa liwiro ndi mafuta anali pakati pa dashibodi kuti chiwongolero chiikidwe kumanja kapena kumanzere mosavuta malinga ndi dziko logula. Denga, kaya la tenti kaya lachitsulo, wogula ankalipira padera. M'galimoto zotsatira zoyambirirazo, pambali pa giya panali ndodo ziwiri, ya mutu wachikasu yolumikizira matayala onse anayi ndi ya mutu wofiira ya giya yamphamvu ya m'matope ndi pachitunda. Dashibodi ya pulasitiki inadzabwera ndi mtundu wotchedwa Series III mu 1971, ndipo m'pamene mawotchi anasamukira kutsogolo kwa dalaivala. Ngakhale Range Rover yoyamba ya mu 1970 inali ndi mipando ya vinyl ndi labala pansi, kuti mwini wake akabwera kumunda angothira madzi ndi paipi.

Land Rover yomaliza ya mtundu wakale, yomwe inkatchedwa Defender, inatuluka ku Lode Lane pa 29 January 2016, galimoto za mtunduwu zitapangidwa zoposa 2 miliyoni. Defender yatsopano imapangidwira ku Nitra, m'dziko la Slovakia, ndipo Solihull, pansi pa eni ake a Tata Motors omwe anagula Land Rover mu 2008, inatsala ndi Range Rover zodula. Kungoti kutha kwa galimoto yakaleyo n'kumene kunakweza mtengo wake. Zomwe zinkawolera kuseri kwa makola a nkhosa zinayamba kufunidwa. M'chaka chomwecho cha 2016 kampani inayamba kukonzanso Land Rover zoyambirira, zotchedwa Series I, zokwana 25 kuti zibwerere mwakale, ndipo mu 2017 inatsegula malo aakulu a ntchito yotere ku Ryton, pafupi ndi Coventry.

Ntchito yokonza m'kati mwa galimoto zimenezi siyambira pa mipando monga ambiri amaganizira. Imayambira pa dzimbiri. Thupi la aluminiyamu silichita dzimbiri lofiira, koma chasisi, mafelemu a zitseko ndi khoma lolekanitsa injini ndi anthu n'zachitsulo, ndipo pansi poponda mapazi pamadyeka mpaka munthu n'kumaona msewu. Pomwe aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, madzi akalowapo, pamatuluka ufa woyera ndipo aluminiyamuyo amabooka. Choncho mmisiri wodziwa ntchito amachotsa zonse, mipando, bokosi lomwe mipando imakhalapo, mbale za pansi, n'kuona bwinobwino chomwe chatsala. Mu Series zambiri thanki ya petulo ili pansi pa mpando wakutsogolo, ndipo mu Defender batire ili pansi pa mpando winawo, kotero mawaya okalamba a m'menemo si oti n'kuwaphimba ndi kapeti yatsopano. Wowotcherera amalize kaye, wamagetsi atsatire, malabala a m'zitseko asinthidwe kuti mvula isalowe, kenako m'pamene wosoka mipando amaitanidwa. Wothamangira chikopa asanathane ndi dzimbiri ali ngati munthu wopaka laimu pa khoma lodyeka ndi chiswe.

Pofika pa kusoka m'pamene anthu amagawikana. Ena amafuna chilichonse chikhale monga chinatulukira ku Lode Lane. Amalembera ku British Motor Museum ku Gaydon, komwe amasunga mabuku a fakitale komanso Land Rover yotchuka ya nambala HUE 166, kuti alandire chikalata chonena tsiku lomwe galimoto yawo inapangidwa ndi mtundu wa penti yake. Amafunafuna vinyl yotuwa yamakwinya ya Series II, yomwe eni ntchito amaitcha elephant hide, ndipo makampani monga Exmoor Trim ya ku Somerset amasokabe mipando ndi matenti motsatira zakale. Ena amati galimoto ndi yoyendera, osati yoika m'nyumba yosungira zakale. Iwowa amachotsa mpando wapakati n'kuikapo bokosi losungiramo zinthu, amamata zotchinga phokoso ndi kutentha pansi ndi kudenga, amaika mipando yokhala ndi potsamira mutu, chiwongolero chaching'ono kuti chigongono chisamagunde chitseko, ndi polumikizira foni. Mabenchi akumbuyo oyang'anizana aja, omwe fakitale inawasiya mu 2007, amawasintha ndi mipando yoyang'ana kutsogolo yokhala ndi malamba.

Kampani ya Land Rover nayonso inalowa mbali yachiwiriyi. Mu 2018, pokumbukira zaka 70 za galimotoyi, inakonza Defender Works V8 zokwana 150, zokhala ndi mipando ya Recaro ndi chikopa paliponse, iliyonse pa mtengo woyambira mapaundi 150,000. Galimoto ya mlimi inasanduka ya anthu a chuma, ndipo mwina m'pamene inafanana ndi tauni yomwe inaibala.

Ine malamba, potsamira mutu ndi zotchinga phokoso ndimazivomereza ndi mtima wonse, chifukwa zimateteza khosi ndi makutu a munthu pa ulendo wautali. Chomwe chimandipweteka ndi kuona dashibodi yachitsulo yakutidwa ndi chikopa choyera, timazenera ta mphepo ta pansi pa galasi lakutsogolo tatsekedwa, ndipo mwini galimoto akukaniza mwana wa matope kumapazi kukwera. Amisiri a ku Solihull anaipanga kuti izinyamula mkaka, odwala, mbuzi ndi matumba a mbewu, kenako itsukidwe ndi ndowa ya madzi. Ngati muli nayo yakale yomwe yaima pabwalo, kaya ku Birmingham kaya ku Zomba, yambani mwatukula labala wapansi muone dzimbiri, ndipo posankha zoikamo sankhani zomwe zingapirire madzi ndi fumbi.