Dzanja lachitsulo linayamba kumva

Kwa zaka 9, bambo wina wa ku Denmark ankagwira chilichonse ndi maso. Makombola anamuwononga dzanja lamanzere mpaka linadulidwa. Dzanja lochita kupanga limene anavala linkatha kutambasuka ndi kufumbata, koma silinkamva kanthu. Akangocheuka pang'ono, sankadziwa ngati chinthu chikadali m'manja kapena wachiphwanya kale.

Chimene chinkavuta akatswiri chinali kulankhula ndi mtsempha wotumiza mauthenga ku ubongo. Mtsemphawu ndi wofewa, ndipo umatamuka munthu akangopinda chigongono. Ukaulasa ndi kachitsulo kouma, kamaukhula tsiku ndi tsiku, thupi limakakuta ndi chipsera, uthenga n'kumazilala mpaka zii.

Ku yunivesite ya Freiburg ku Germany, gulu la Thomas Stieglitz linakonza kachingwe ka pulasitiki yotchedwa polyimide, kopyapyala kuposa tsitsi, kokhala ndi timadontho tachitsulo todutsa magetsi. Mtsempha ukapindika, nako kamapindika. Mu Januwale 2013, madokotala a pachipatala cha Gemelli ku Rome analowetsa tizingwe 4 m'mitsempha iwiri ya mkono wa bamboyu, ya median ndi ulnar. Gulu la Silvestro Micera wa ku yunivesite ya EPFL, ku Lausanne, linalumikiza tizingweto ndi masensa a m'dzanja lachitsulo, kuti zala zikafinya chinthu, kompyuta izitumiza timagetsi tochepa kwambiri mumtsempha, mogwirizana ndi mphamvu ya kufinyako.

Tsono apa ndiye pokoma nkhani! Anamumanga nsalu kumaso, n'kumutseka makutu kuti asamve ngakhale kulira kwa mota ya dzanjalo. Anamupatsa chidutswa cha mtengo, iye n'kuzindikira kuti ncholimba. Anamupatsa thonje, n'kudziwa kuti nlofewa, ndipo anachepetsa yekha mphamvu ya zala. Nachesi analisiyanitsa ndi mpira wa baseball, ngakhale zonsezo nzobulungira. Mitsempha imene inakhala zaka 9 osagwira ntchito inali ikadali yamoyo, ndipo ubongo unalandira uthengawo ngati ukuchokera kudzanja lake lenileni. Ine ndikaganiza za nachesi lija, mtima umachita kudumpha ndi chimwemwe.

Patatha mwezi umodzi anamuchotsa tizingweto, pakuti ndi mmene malamulo a kafukufukuyo ankanenera. Koma ntchito sinaimire pomwepo. Anthu ena odulidwa manja amene anatsatira ku Rome anakhala nato miyezi 6, uthenga ukufikabe. Mu 2019, gulu la Stanisa Raspopovic wa ku yunivesite ya ETH Zurich linalengeza zimene linapeza litaika tizingwe tomweti m'ntchafu za amuna odulidwa mwendo ku Belgrade. Phazi lochita kupanga likaponda pansi, iwo ankamva. Ankayenda mwachangu pamchenga, sankatopa monga kale, ndipo ululu uja umene umamveka m'mwendo womwe kulibe unachepa kwambiri, mwa wina mpaka kutheratu.