Forklift ya m'malo okumbika: zoyenera kudziwa musanabwereke

Makopaletivu ndi makalabu a alimi ku Mitundu ndi ku Nathenje akamasonkhanitsa soya, mtedza kapena kulandira feteleza wambiri, kukweza ndi kutsitsa matumba pamanja kumadya nthawi ndi ndalama. N'chifukwa chake ena amaganiza zobwereka forklift, makina onyamula katundu ndi mano awiri achitsulo. Koma si forklift iliyonse ingagwire ntchito kumudzi.

Kusiyana kwake n'kotani?

Forklift za m'nyumba zosungiramo katundu, monga za ku Kanengo, zili ndi matayala ang'onoang'ono ndipo mimba yake imakhala pafupi ndi nthaka. Zimafuna simenti. Mukangochoka pa tala wa M1 ku Nathenje, kapena kupitirira msika wa Mitundu, mumapeza katondo woterera nthawi ya dzinja. Pamenepo forklift yotere imatitimira, inu n'kulipira tsiku lonse ntchito osagwirika.

Ya m'malo okumbika imayendera dizilo ndipo ili ndi izi:

• Matayala akuluakulu okhala ndi mano ngati a thirakitala.
• Mimba yokwera, yosagunda zitsa ndi mizere.
• Zina zimakoka ndi matayala onse anayi.
• Chitsulo cholemera kumbuyo choletsa kuti isagwe chamutu ikanyamula.

Imakhota bwanji?

Forklift zambiri zimakhota ndi matayala akumbuyo, osati akutsogolo ngati galimoto. Izi zimathandiza kuti itembenuke pamalo opanikizika, koma mbuyo yake imakhwethemukira kumbali. Munthu woima pambali angathe kugundidwa ngakhale woyendetsa akuyang'ana kutsogolo. Ana ndi aganyu atalikire.

Musanabwereke

1. Werengani katundu wanu. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi. Yerekezani ndi mlingo wolembedwa pa kachitsulo ka pamakinawo. Katundu akakwezedwa m'mwamba kapena akakhala kunsonga kwa mano, mlingowo umatsika.
2. Pezani mapaleti olimba. Popanda mapaleti, mano amaboola matumba.
3. Salazani poimika lole, kwirirani maenje, ndipo pewani m'mbali mwa dambo ndi pamwamba pa dzenje la chimbudzi chakale.
4. Funsani ngati woyendetsa anaphunzira ntchitoyi, ndipo gwirizanani amene agule dizilo.

Pogwira ntchito

Katundu aziyenda ali m'munsi, pafupi ndi nthaka. Pachitunda, katundu aziloza kumtunda nthawi zonse. Potsika, forklift iziyenda chobwerera m'mbuyo. Isakhote pamtsetse chifukwa imagubuduka msanga. Woyendetsa amange lamba, ndipo munthu asakwere pamano kapena kudutsa pansi pa katundu.

Ngati muli ndi matumba ochepa, aganyu ndi ngolo akadali otsika mtengo. Forklift imapindulitsa katundu akachuluka ndiponso gulu likagawana mtengo. Kambiranani ndi mlangizi wa dera lanu musanapereke ndalama.